Magalasi a Pulofesa Anapita Kutsidya

Pasukulu pathu pali ana ena amene mpaka lero akandiona ndikubwera amatambasula manja onse awiri kutsogolo, n'kuyamba kuyenda ngati munthu wofufuza chitseko mumdima. Sindiwakalipira. Mlanduwo ndinauputa ndekha, ndipo popeza nkhaniyi yafika kale mpaka ku Chipangali itavekedwa mabodza osiyanasiyana, ndaona kuti bola ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kunja kwa tauni ya Chipata, njira ya ku Chiparamba. Ndinenso mkulu wa mpingo (zimenezi muzisunge, muzifuna kutsogoloku). Pasukulupa tili ndi chipinda chimene pachitseko chake panalembedwa kuti labotale, koma mukalowa mupezamo matebulo, sinki yopanda madzi, ndi kabati imene ndimakiyiramo timagalasi tochepa toyesera mankhwala, timabotolo ndi timachubu, timene ndinatipeza pobwera. Kemisitiri timaiphunzitsa ndi choko. Ndimajambula botolo pabolodi, ndimajambula moto pansi pake, kenako ndimauza ana kuti madziwo asanduka ofiira, iwo n'kulemba m'makope kuti madziwo asanduka ofiira.

Chaka chathachi kunamveka kuti mayi wina wa ku Chiparamba, amene anachoka kuno ali mtsikana, wabwerera kwawo atapuma pantchito. Dzina lawo sinditchula, chifukwa ali moyo ndipo amawerenga. Tonse timangoti a Pulofesa. Anthu a kumudzi kwawo amangodziwa kuti anali kunja zaka zambirimbiri ndi kuti tsopano akulima mtedza ndi soya ngati wina aliyense. Ine, pokhala wa sayansi, ndinawafufuza pafoni mpaka mabandulo kutha, ndipo zimene ndinapeza zinandisowetsa mtendere.

Mayiwa anathera moyo wawo wonse pa kemisitiri ija ya oganometaliki. Dzinalo lisakuopseni. Ndi mankhwala amene chitsulo chagwirana mwachindunji ndi kaboni, kaboni yemweyu wa m'makala ndi m'thupi mwathu. Mankhwala oterewa ndi amene amafulumizitsa ntchito m'mafakitale opanga mapulasitiki ndi mankhwala a kuchipatala. Vuto lake, ambiri mwa iwo sachedwa kupsa mtima. Akangokumana ndi mpweya timapumawu kapena kadontho ka madzi amawonongeka, ena amachita kuyaka okha. Ndiye akatswiri ake amagwirira ntchito m'bokosi la magalasi lotsekedwa ponseponse, lodzazidwa ndi mpweya wina wopanda okosijeni, ndipo munthu amaima kunja n'kulowetsa mikono m'magolovesi aatali omatidwa pabokosipo.

Zolemba za a Pulofesa zinali zosatha kuwerenga, ndipo akatswiri a maiko ena amazitchula akamalemba zawo. Ophunzira amene anadutsa m'manja mwawo lero ndi madokotala ndi mapulofesa m'mayunivesite osiyanasiyana, nawonso aphunzitsa ena, mpaka njira ina yosungunulira mankhwala amaiphunzira anthu amene mayiwa sanawaonepo n'komwe. Ndinasindikiza pepala lawo limodzi ku tauni n'kuyenda nalo m'chikwama kwa nthawi ndithu. Zimene ndinamvetsa bwinobwino m'pepalalo ndi dzina lawo ndi malo amene ankathokoza anzawo.

Tsono nkhani yeniyeni inali iyi. Popuma pantchito, a Pulofesa anabwera ndi mabokosi a zipangizo zimene labotale yawo inasiya kugwiritsa ntchito: magalasi a mitundumitundu, masikelo, zotenthetsera. Anali atanena kuti azipereka zonse ku sukulu imodzi ya dera lathu, ndipo ankayendera masukulu kuti asankhe. Amene tinali ndi zipinda zoti n'kusungamo katunduyo tinali awiri, ife ndi sukulu ya kutsidya kwa mtsinje. Wa sayansi kumeneko ndi Mayi Sakala, amene tinali limodzi ku koleji, ndipo m'mtima mwanga ndinkawaona ngati mphunzitsi wamba.

A Hedi athu anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Iwo ndi munthu wa jogalafe, sayansi sakhala nayo pafupi, koma nkhani ya mabokosi anaimva bwino.

"Aphunzitsi, magalasi aja akapita kutsidya, ine ndi inu tisadzalankhulanenso za labotale. Chipinda chija ndidzaikamo nkhuku za pulojekiti."

Munthu wanzeru akanasesa chipindacho, n'kutsuka timagalasi tija, n'kuonetsa mlendo zimene ana amaphunzira. Ine ndinaona kuti zimenezo n'zazing'ono. Ndinkafuna kuti mayiwa akalowa aone kuti kuno kumudzi kuli munthu wodziwa dziko lawo, mnzawo amene anangosowa mwayi. Choncho ndinaganiza zopanga bokosi lija la magolovesi.

Bokosi lenileni ndinalipeza mosavuta. Mayi wa kantini ya pasukulu anali ndi kabokosi ka magalasi koikamo masikono, kamene anakasiya chifukwa mwendo umodzi unathyoka. Ndinakatengera kwa kalipentala, amene anaboola mabowo awiri aakulu kumbali ya thabwa ndi kabowo kena kakang'ono kolowetsera paipi. Magolovesi ofika m'mapewa ndinakawapeza m'sitolo ya zaulimi m'tauni, aja a pulasitiki amene a zanyama amavala akamapisa ng'ombe. Wogulitsa anandifunsa kuti ndili ndi ng'ombe zingati. Nditamuuza kuti ndilibe ngakhale imodzi, anangokulunga magolovesiwo osafunsanso china.

Chotsala chinali mpweya. A Pulofesa ankagwiritsa ntchito naitirojeni kapena agoni, ndipo ine ndinaganiza kuti owotcherera zitsulo sangasowe. Ndinapita kwa wina wa ku Kapata amene amandikonzera njinga, n'kumufotokozera zonse, chithunzi cha pafoni ndikumuonetsa.

"Aticha, agoni ndi ku Lusaka," anatero. "Pano tili chabe ndi okosijeni ndi gasi wowotcherera. Manje mukazithira zimenezo m'kabokosi kanu ka masikono, olo sukulu simudzaipeza."

Ndinabwerako wokhumudwa, nditakhala kumbuyo kwa njinga ya hayala, magolovesi a ng'ombe ali pamiyendo. Tikudutsa pamudzi wina, mphuno yanga inakumana ndi fungo la mowa wa masese umene unali ukuwira kuseri kwa nyumba ina. Pomwepo nzeru inabwera (nzeru zina zikamabwera, ndi bwino kungozilonjera n'kuzisiya zipite). Mowa ukamawira umatulutsa mpweya wa kaboni dayokosaidi, umene umazimitsa moto ndipo ndi wolemera, moti umatha kukankhira kunja mpweya wamba. Ndinangofunika chinthu chowira, ndowa yotseka bwino, ndi paipi.

Apa m'pamene ukulu wa mpingo unalowererapo. Ine mowa sindimwa, ndipo paguwa ndinaulalikirapo kangapo mokweza mawu. Kukagula masese sikukanatheka, chifukwa dera lathu munthu ukayetsemula kumsika, kutchalitchi amakufunsa za chimfine. Ndiye ndinapempha alamu anga a ku Chiparamba kuti andiphikire thobwa lodzaza ndowa ija yaikulu yogulitsiramo penti. Thobwa si tchimo. Ngakhale pamsonkhano wa mpingo timamwa. Zoti ndinathiramo shuga ndi isiti ya buledi n'kulisiya padzuwa, ndinkaziona kuti ndi nkhani ya sayansi, yosakhudza chikhulupiriro.

Mkazi wanga anandipeza kuseri kwa khitchini ndikutakasa ndowayo ndi mthiko wake.

"A mkulu wa mpingo, ichi n'chiyani?"

Ndinamuuza kuti ndikupanga mpweya. Iye anati kwawo chimenecho chili ndi dzina lina, ndipo anandifunsa ngati ndinafunsako munthu aliyense wodziwa za mabokosi oterewa. Ndinati wodziwa ndi mmodzi yekha dera lonse lino, ndipo ndi yemweyo ndikufuna kumudabwitsa. Anangoti safunsa anadya phula, n'kutenga mthiko wake kukautsuka ndi mchenga.

Ndowayo ndinaisamutsira kusukulu Loweruka, kulibe anthu. Ndinaboola chivindikiro, ndinalowetsa paipi, ndinamanga chivindikirocho ndi malegeni, ndipo ndowa yonse ndinaibisa pansi pa tebulo lalikulu la kutsogolo, n'kuyala nsalu yoyera yofika pansi. Bokosi la masikono linakhala pamwamba, magolovesi nditawamata ndi selotepi yakuda ija ya amagetsi. Kunena zoona, chinthucho chinagwira ntchito. Mpweya unkalowa, ndipo ndikapisa mikono n'kukhwatcha machesi mkatimo, ankangothetheka n'kufa pomwepo, kandulo osayaka. Ndinaikamonso chitsulo chotsukira mapoto chonyowetsedwa ndi viniga, china n'kuchisiya panja. Cha panja chinachita dzimbiri, cha mkati chinakhalabe choyera. Ndinaima ndekha m'chipindamo, mikono ili m'magolovesi a ng'ombe, ndikumva kuti dziko linandilakwira posanditumiza kunja.

Dzulo lake la tsiku la mlendo ndinaona ngati thobwa lija layamba kufooka. Poopa kuti a Pulofesa angapeze mpweya wochepa, ndinawonjezera shuga ndi isiti mosaumira. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene mumadziwa Chipata mukudziwa mmene malata amatenthera nthawi imeneyo.

M'mawa mwake nditatsegula chitseko, ndinamva kafungo kodziwika bwino. Ndinanunkhiza bokosi lonse mpaka ndinapeza kampata pakona, pamene galasi silinagwirane bwino ndi thabwa. Mpweya unkatulukira pamenepo masiku onsewa. Ndinakumbukira zimene ndinawerenga, kuti pantchito ya a Pulofesa mpata uliwonse ndi mdani, ndipo ndinamata kampatako ndi phula la mawindo mpaka fungo linasiya. Ndinadziyamikira chifukwa cha mphuno yakuthwa.

Panatsala nkhani ya ana. Kalasi yanga ya giredi 11 ndi yodzaza, ndipo ana athu sadziwa kuima malo amodzi. Wina akanagunda tebulo, wina akanasuzumira pansi pa nsalu, ndipo ambiri mwa iwo fungo limenelo amalidziwa kuchokera kunyumba. Ndinawauza kuti akamaliza kuimbira mlendo nyimbo yomulandira, aime panja azionera pamawindo. Anadandaula pang'ono, koma ndinati zinthu za m'katimo n'zosachedwa kuwonongeka.

A Pulofesa anafika dzuwa lili pamutu, akuyendetsa okha kagalimoto kakale kokhala ndi matumba a mbewu kumbuyo. Ndinkayembekezera munthu wamtali wa suti. Anatsika mayi wamfupi wa imvi, atavala chitenje ndi nsapato za fumbi, akulankhula Chichewa cha kumudzi chimene ngakhale ife tinayamba kuchiiwala. A Hedi anali atakonza mawu aatali, koma mayiwo anawadula mwaulemu n'kunena kuti akufuna kuona labotale.

Titalowa, ndinaona chinthu chimene sindinachionepo nthawi zonse zimene ndinkayesa bokosilo. Magolovesi aja, amene nthawi zonse ankangolendewera, anali ataimirira. Anatupa, zala zitatambasuka, mikono iwiri yoloza kuchitseko ngati ikufuna kukumbatira wolowa. A Hedi anabwerera m'mbuyo. Ana pamawindo anayamba kuseka chamumtima. Koma a Pulofesa anamwetulira, ndipo nkhope yawo inafewa.

"Ha, manja aimirira," anatero. "Kuntchito kuja ankatilonjera chonchi m'mawa uliwonse. Zikatere ndiye kuti mpweya wa mkati ukukankha, wa kunja sungalowe."

Mawu amenewo anandikwera kumutu. Ndinayang'ana a Hedi kuti aone mmene akatswiri timamvanirana. Mayiwo anazungulira bokosilo, anagogoda galasi, anafunsa kuti kale linali la chiyani, ndipo nditati la masikono anagwedeza mutu ngati ndi chinthu chanzeru. Anafunsa mpweya umene ndinaikamo. Ndinati kaboni dayokosaidi wopangidwa konkuno, osatchula mmene amapangidwira. Kenako anafunsa kuti wochuluka umatulukira pati.

"Palibe potulukira, a Pulofesa," ndinayankha monyada. "Ndamata ponse."

Anayang'ana bokosi, anayang'ana paipi imene inkalowa pansi pa nsalu, ndipo anasuntha pang'ono kubwerera m'mbuyo. Ine ndinaganiza kuti akufuna kuonera bwino. Ndikukhulupirira kuti anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma ndinali nditayamba kale kufotokoza za machesi mokweza mawu kuti ana a pamawindo amve, ndipo ndinagwira zala za magolovesi aja n'kukankhira mikono yonse iwiri mkati mwamphamvu, mpaka m'mapewa.

Mpweya umene unali m'mikono imeneyo unayenera kupita kwinakwake. Bokosi linali lomatidwa, ndiye unabwerera m'paipi kupita m'ndowa, mmene munali kale mothina ndi thovu. Ndinamva kulira kwa malegeni akuduka, kenako phokoso lalikulu ngati tayala laphulika. Nsalu yoyera ija inauluka. Chivindikiro chinamenya kunsi kwa tebulo, ndipo zonse zimene zinali m'ndowamo zinatulukira m'mbali. A Hedi zinawapeza kuyambira m'mawondo kutsika. A Pulofesa, pokhala aafupi, zinawafika mpaka pachifuwa, madontho ena pamagalasi a m'maso. Fungo limene linadzaza chipindacho silinafune womasulira.

Chinthu choyamba chimene munthu amachita zikatere ndi kuthamangira mlendo ndi kansalu. Ine sindikanatha. Mikono inali itatuluka thukuta, pulasitiki itamatirira pakhungu, ndipo selotepi ya amagetsi ndi yokhulupirika pantchito yake. Nditakoka, bokosi lonse linabwera nane. Ndinapezeka ndaima pakati pa chipinda nditakumbatira bokosi la masikono, kandulo ndi machesi zikugubuduzika mkati, mapazi akutsetsereka m'masese. Ndinayesa kuyenda kupita kwa mlendo kuti ndipepese, mikono ili kutsogolo choncho, ndipo pamawindo ana anali atagwa kale pansi ndi kuseka. Amene anandimasula ndi a Pulofesa omwewo, ndi kampeni kamene anatulutsa m'chikwama chawo.

Sanakwiye. Anapukuta magalasi awo ndi ngodya youma ya chitenje, ananunkhiza chala, n'kunena kuti isiti ndinachulutsa. A Hedi anali akupepesa m'Chingerezi ndi m'Chinyanja mosinthanasinthana, koma mayiwo anakhala pampando n'kuyamba kundifunsa mafunso modekha ngati palibe chachitika. Anandiuza kuti mpweya wangawo ukanapha mankhwala awo ambiri nthawi yomweyo, chifukwa ndi wonyowa, ndiponso ena mwa mankhwalawo amagwirana ndi kaboni dayokosaidi weniweniyo. Koma anati ganizo lenilenilo silinali lopusa, ndipo anaonapo zoopsa kuposa izi m'malabotale a anthu olemera. Mtima wanga, umene unali utatsikira m'nsapato, unayamba kukwera. Ndinayamba kuona mabokosi aja akutsitsidwa pakhomo pathu.

Kenako anafunsa kuti bokosilo ndinapanga ndi ndani. Ndinati ndekha, kupatula mabowo a kalipentala. Anafunsa amene anayeza shuga, amene anamata magolovesi, amene anayesa machesi koyamba. Ndinati zonsezo ndi ine, ndipo ndinkayankha ngati munthu amene akulandira mphotho. Anatembenuka n'kuyang'ana mawindo, pamene nkhope za ana zinali zitabwereranso, zothinana pakati pa zitsulo. Anapempha kuti nditsegule kabati. Timagalasi tija tinali titakulungidwa m'manyuzipepala akale, taukhondo, topanda ngakhale mng'alu. Anafunsa kuti mwana anagwirako liti komaliza. Ndinati ana amaswa, ndipo tikaswa timeneti sitidzapezanso tina.

"Aphunzitsi," anatero, "zimene mwawerenga pafoni zija, zimene ndinapeza ndi manja angawa ndi zochepa. Zambiri zinapezedwa ndi ana amene chaka chawo choyamba ankangondiswera magalasi. Bokosi lanuli lili ndi manja awiri okha, ndipo onse ndi anu."

Anaimirira, anatsanzika bwinobwino, anakana chakudya chimene a Hedi anakonzetsa, ndipo anakwera galimoto yawo chitenje chikudontha.

Fungo limayenda msanga kuposa galimoto. Lamlungu lotsatira akulu anzanga a mpingo anandikhazika pansi. Ndinawafotokozera za isiti, za okosijeni, za zitsulo zogwirana ndi kaboni, ndipo anandimvetsera moleza mtima mpaka ndinamaliza. Kenako mkulu wina wachikulire anangofunsa ngati munthu atamwa za m'ndowamo angaledzere. Monga wa sayansi sindikanatha kunama. Anagamula kuti ndiyambe ndakhala kaye kumabenchi a kumbuyo kwa miyezi ingapo, ndipo mkazi wanga, amene amakhala kutsogolo ndi amayi anzake a yunifolomu, sanatembenukepo ngakhale kamodzi kundiyang'ana.

Komabe za magalasi ndinali ndisanataye mtima. Ndinkadziuza kuti munthu amene anati ganizo langa silinali lopusa sangapereke katundu wotere kwa Mayi Sakala. Ndinatchera khutu kuti ndimve zimene zinachitika kutsidya tsiku limene a Pulofesa anapitako. Akuti kunalibe chodabwitsa chilichonse. Ana anali atadula mabotolo a pulasitiki, atafinya maluwa ofiira m'madzi, ndipo ankathiramo mandimu kapena madzi a phulusa kuti aone mtundu ukusintha. Chipinda chinali chauve, phokoso ngati pamsika, manja a mwana aliyense ali ofiira. Akuti kumenekonso a Pulofesa anathiridwa, madzi a maluwa pabulauzi yonse. Kusiyana kwake, wowathirayo anali mwana.

Tsiku lina masana, ndili pabolodi ndikujambula botolo, lole inadutsa pamsewu wa kumaso kwa sukulu yathu itanyamula mabokosi a matabwa. Inachepetsa liwiro pageti chifukwa cha mabampu, ndipo kwa kamphindi ana onse anaimirira. Kenako inapitirira kulowera kumlatho. Ana anakhalanso pansi mmodzimmodzi, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kuja. Ndinamaliza kujambula moto pansi pa botolo, koma sindinathe kuwauza mtundu umene madziwo asanduka.

A Hedi anasunga mawu awo. M'chipinda chija tsopano muli nkhuku, ndipo zikukula bwino. Koma a Pulofesa sanatitaye kotheratu. Anatumiza uthenga kudzera kwa Mayi Sakala kuti ana a sukulu yathu azipita kutsidya Lachinayi lililonse masana kukagwiritsa ntchito zipangizozo, chifukwa iwo sanalakwe kanthu. Anawonjezera lamulo limodzi, ndipo Mayi Sakala anandiuza akuyesetsa kubisa kumwetulira: mphunzitsi wawo azibwera nawo, koma aziima kumbuyo, asakhudze chilichonse.

Ndiye Lachinayi lililonse ndimatsogolera gulu langa kuwoloka mlatho. Magalasi ake ndi okongola, anthu inu. Ena ali ndi timipopi m'mbali, ena ali ndi makosi awiri, ena sindidziwa n'komwe ntchito yake, ndipo pa ena pakadali timapepala tolembedwa ndi manja a ophunzira a mayiko akutali. Ine ndimaima kukhoma la kumbuyo pafupi ndi matsache, ndikuona ana anga, amene ndinawaphunzitsa ndi choko kuyambira giredi 10, akuthira madzi m'zinthu zimene ndinkangoziona pafoni. A Pulofesa amabwera mwa apo ndi apo, amakhala pakona, salankhula zambiri. Mwana akalakwitsa amangomufunsa kuti waona chiyani.

Ulendo wina, mtsikana wina wa kalasi yanga, wofatsa, amene sindinamvepo mawu ake chaka chonse, ananyamula botolo lalikulu la makosi awiri kuti akaliike pachotenthetsera. Ankayenda bwinobwino, manja onse awiri atagwira, maso ali pabotolo. Ine ndinaona mmene analigwirira, ndipo ndisanadziwe n'komwe mawu anali atatuluka kale.

"Iwe, gwira bwino!"

Mwanayo anadzidzimuka, natembenuka kuti aone amene wamuitana, ndipo botolo lija, limene linawoloka nyanja osasweka, linathera pasimenti ya kutsidya kwa mtsinje wathu. A Pulofesa sanadzutse n'komwe mutu. Mayi Sakala anatsegula bokosi, anatulutsa botolo lina n'kupatsa mtsikanayo, ndipo ine anandipatsa tsache.

Ndinasesa. Kuyambira tsiku limenelo ndikaima kumbuyo kuja manja ndimawaika m'matumba, ndipo amakhalamo ndithu mpaka belu kulira. Koma pakamwa sindinapapezere thumba, moti sabata yatha Mayi Sakala anandifunsa mwaulemu ngati sindingakonde kumaonera pawindo.